Kwa aphunzitsi amene afunsa za kuyamba Chemistry ku Fomu 1 popanda labotale

Aphunzitsi, mwanena kuti mwapatsidwa Chemistry ya Fomu 1 pa sukulu ya CDSS kuno ku Kasungu, labotale palibe, ndipo mukusowa pogwira kuti ana asayambe kuliopa phunziroli. Ine ndaliphunzitsa zaka zambiri m'boma lomweli, ndipo pempho langa ndi lakuti sabata ziwiri zoyambirira musawalembetse matanthauzo a pabolodi. Ayambe aphunzira kuyang'ana chinthu bwinobwino ndi kulemba zimene aona ndi maso awo, ngakhale zitasiyana ndi zimene akuganiza kuti inu mukufuna kumva.

Ndikutero chifukwa cha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa. Tinawiritsa madzi pa mbaula, ana n'kumasinthana thermometer imodzi yokha imene tinali nayo. Iye analemba 96, kenaka anasuzumira m'buku, n'kufufuta, n'kulemba 100. Nditaona pofufutidwapo ndinamufunsa, ndipo anayankha chogwetsa nkhope kuti buku silinganame. Komatu nambala yoyambayo ndiyo inali yoona. Madigiri 100 a m'buku ndi a malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene ife kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mpweya supanikiza kwambiri, motero madzi amawira asanafike pa 100, ndipo pa mamita 300 aliwonse amene munthu wakwera pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Tsiku limenelo ndinasiya zonse zimene ndinakonza, tinathera phunziro lonse pa nambala yofufutidwayo, ndipo mpaka lero ndimauza ana kuti akalakwitsa polemba azingodula mzere umodzi kuti zoyambazo zizionekabe.

Zipangizo zoyambira zili kukhitchini kwa amayi awo. Wiritsani chidede kuti mupeze madzi ofiira aja, muwagawe m'mabotolo atatu oonekera. M'loyamba mufinyiremo ndimu, m'lachiwiri muthiremo chidulo chophikira therere, lachitatu mulisiye momwemo. La ndimu lidzafiira mowala, la chidulo lidzada n'kuyamba kubiriwira. Mawu akuti asidi (monga ndimu) ndi alkali (monga chidulo) muwatchule pambuyo pake, ana ataona kale kusinthako. Funso limene ndimalikonda ndi la botolo lachitatu: nanga ilo tinalisiyiranji? Mwana amene wayankha kuti n'lofananitsira anzakewo wamvetsa chinthu chimene ena amafika Fomu 4 asanachigwire. Muwaletse kulawa chilichonse, ndipo chidulo chisagwere m'maso.

Dzimbiri ndilo limaphunzitsa bwino ndondomeko yonse ya kafufuzidwe ka sayansi, chifukwa mwana aliyense anaonapo khasu litachita dzimbiri. Afunseni chimene chimayambitsa, ndipo ambiri adzati ndi madzi. Musawatsutse, koma aliyense alembe ganizo lake m'kope tsiku lomwelo, asanaone zotsatira. Kenaka ikani msomali m'botolo la madzi losatseka, wina m'botolo louma lotseka, wina m'madzi owiritsa kwa nthawi kuti mpweya uchokemo, pamwamba pake mutathira mafuta ophikira. Misomali ikhale yamtundu umodzi ndi yopalidwa bwino, koma isakhale yokhomera malata, chifukwa imeneyo imakutidwa ndi zinc ndipo simudzaona kanthu. Pakatha masiku angapo msomali woyamba udzachita dzimbiri kuposa inayo, ndipo ana adzapeza okha kuti pamafunika madzi ndi mpweya pamodzi. Nthawi zina msomali wa m'madzi owiritsa umachitabe dzimbiri pang'ono. Zikatero musabise botololo, koma afunseni kuti mpweya unalowera pati, ndipo abwereze.

Mukafika pa periodic table, tchati cha maelementi (zinthu zoyambirira zimene zimapanga zinthu zonse), bwerani ndi thumba la fetereza wa urea lopanda kanthu, awerenge okha 46% N yolembedwa pamenepo, aone kuti chilembo cha nayitirojeni chimene chili pa tchati ndi chomwecho chimene makolo awo amagula kuti athire ku chimanga. Muwauzenso kuti Dmitri Mendeleev, pokonza tchati chake mu 1869, anasiya mipata ya zinthu zimene zinali zisanapezeke n'kuneneratu mmene zidzakhalire, ndipo chimodzi mwa izo, gallium, chitapezeka mu 1875 chinagwirizana kwambiri ndi zimene ananena. Izi n'zofanana ndi zimene iwo anachita polemba maganizo awo a msomali asanaone zotsatira.

Zakukhitchinizi sizingalowe m'malo mwa labotale mpaka kumapeto, pakuti mayeso a MSCE a bungwe la MANEB ali ndi pepala la practical, ndipo mwana ayenera kugwirapo burette ndi pipette, zipangizo zoyezera kuchuluka kwa zamadzimadzi, lisanafike tsikulo. Kambiranani ndi ahedi anu chaka chino chomwe kuti apemphe sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labotale kuti muzipitako ndi ana ngakhale kamodzi pa teremu.