Mwana sanaphe agogo ake, musamusenzetse maliro

Amayi inu, muchotseni kaye mwanayo pakati pa anthu amenewo. Mtsikana wa zaka 13 kumuuza pamaliro kuti agogo ake agwa chifukwa anathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kenaka n'kumamuloza chala pophunzitsa ang'ono ake kumvera, ndiye inu mukufunsa ngati mungokhala chete poti olankhulawo ndi akuchimuna? Ayi ndithu. Ndikulemba mtima uli m'mwamba.

Mwanena kuti agogowo anali pa mankhwala a BP (kuthamanga kwa magazi), pakamwa panapotoka, dzanja linalefuka, mawu osamveka. Imeneyo ndi sitiroko. Mtsempha wamagazi wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika, ndipo BP imakhala yaudya kwa zaka osamva kupweteka paliponse. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti amlodipine, kapilisi ka BP kamene amapereka kwambiri m'makiliniki mwathu, kamatupitsa mapazi mwa anthu ena. Enalapril nayenso amabweretsa chifuwa chouma chosatha. Kutupa miyendo ndi kutsokomola, si zomwezo zimene akuluakulu amati mdulo? Basi munthu amamuletsa mapilisi, kupita naye kukatemera mphini, BP n'kukwera mwakachetechete. Pomwe kukanangofunika kubwerera kukiliniki kuti amusinthire mtundu wa mankhwala.

Ndipo anthu amatayika pa ola loyamba lenileni. Munthu wagwa pakhonde, wina akuthamangira madzi, wina phala, wina akumukhazika tsonga n'kumutsegula pakamwa ndi supuni kuti amwe. Munthu wa sitiroko nthawi zambiri samezanso bwino, madziwo amalowera kumapapo, amatsamwa pomwepo kapena pakapita masiku awiri atatu chibayo chamugwira. Osamupatsa kanthu kalikonse pakamwa, ngakhale aspirin, chifukwa ngati mtsempha waphulika aspirin amawonjezera kutaya magazi. Mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke, masulani lamba ndi kolala, yang'anani nthawi imene zayambira, tengani kabuku kake ndi mapaketi a mankhwala, pezani galimoto. Muli m'tauni ya Chipata ndi ku chipatala cha Chipata Central, muli cha ku Katete ndi ku chipatala cha St Francis. Osadikira kuti kuche, osadikira malume abwere adzalamule. Amene anachedwetsa zonsezi ndi omwewo lero akweza mawu pa mwana. Manyazi alibe.

Tsono mwanayo. Mukhale naye awiriwiri, osati pagulu, mumuuze mawu ake enieni: agogo amwalira ndi matenda a BP, anali nawo kalekale iwe usanayambe n'kuphika komwe, palibe chimene unachita. Adzafunsanso mawa ndi mkuja, muyankhe chimodzimodzi osatopa. Ang'onoang'ono a zaka zinayi zisanu musawauze kuti agogo agona kapena apita ulendo, amayamba kuopa tulo ndi kudikirira pamsewu. Nenani kuti amwalira, thupi lasiya kugwira ntchito, sabweranso. Mukaona wamkuluyo akukana kudya, akukana kugwira mphika, wayamba kukodza pogona kapena akunena zoti bola akanafa ndi iye, musati ndi chibwana, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo ndipo musamusiye yekha.

Za mchere zili ndi choonadi chake, koma si dzanja la wothira, ndi kuchuluka kwake. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse: wa m'kapenta wouma, tima cube ta supu, soda wa m'therere, ndi uja wowaza pambale nsima ili kale patebulo. Kapenta muziyamba mwamuviika m'madzi n'kutaya madziwo. Akuluakulu onse a pabanjapo akayezetse, makamaka ana a malemuwo poti BP imayenda m'magazi. Poyeza khalani pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono pathebulo, osamwa khofi kapena kusuta theka la ola musanayeze. Ikapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ndi BP imeneyo. Ikafika 180/120 kuphatikiza mutu waukulu, chifuwa kupweteka kapena maso kuchita chidima, m'chipatala nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi a tsiku lililonse, sasiyidwa poti lero ndadzuka bwino.

Komabe pamaliro pano musakangane nawo apongozi, mungaputse mlandu wina mwanayo n'kukhalanso pakati. Akanena kuti asathire mchere, musiyeni asathire, athire wina, palibe chimene chitayike. Ndipo ngati akufunadi ana atengepo phunziro, auzeni za mapilisi ngati agogo anasiyadi kumwa, ngakhale pamenepo samalani kanenedwe, angayambe kudana ndi amene anawaletsa. Mudikire anthu abalalike, mwina pambuyo pa kumeta, mupeze mlongo wa amuna anu amene amamva zinthu, mupite naye limodzi ndi kabuku ka kuchipatala kaja m'manja.