Kodi digiri ya mbewu ndi nthaka ndi ya khasu? Yankho kwa mtsikana wa ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chilomoni amene wangolemba kumene mayeso a MSCE. Akuti amakonda Biology ndi Agriculture, ndipo mtima wake uli pa maphunziro a mbewu ndi nthaka ku yunivesite. Koma bambo ake sakufuna kumva. Akuti anamufunsa kuti, "Fizi yonse ija ndimalipira kuti ukagwirenso khasu? Agogo ako akulima opanda digiri." Ndiye akufuna kudziwa zimene amaphunzira kumeneko, komanso ngati ntchito zake zilipo.

Mlongo wanga, usawakwiyire bambo. Iwo aona khasu likupinda misana ya anthu, nkhokwe n'kukhalabe yopanda kanthu, ndipo sakufuna kuti mwana wawo adutse momwemo. Chimene sanauzidwe n'chakuti maphunziro amenewa amafunsa chifukwa chake nkhokweyo ilibe kanthu.

Ndikuuze za munda wa amayi anga aakulu ku Chiradzulu. Chaka ndi chaka ankathira feteleza wochepa amene akwanitsa kugula, koma chimanga chinkangolekeza m'chiuno, masamba achikasu, ngati mvula yadula pomwe ikugwa bwinobwino. Pakati pa mizere panali timaluwa tofiira tokongola. Ameneyo ndiye kaufiti, ndipo dzina lokhalo likukuuza zimene makolo ankaganiza. Zoona zake n'zakuti njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Zimadzuka zikamva timadzi timene mizu ya chimanga imatulutsa, kenako kamuzu kake kamaboola muzu wa chimanga n'kumayamwa madzi ndi chakudya. Pofika nthawi imene maluwa akuoneka pamtunda, chimanga chimakhala chitapwetekedwa kalekale pansi. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, n'chifukwa chake manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu ndi soya kapena nandolo zimamuchepetsa mphamvu. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinamva chisoni, chifukwa mayi aja anakalamba akuganiza kuti pali munthu amene anawalodzera munda.

Maphunziro ako adzakhala a zinthu ngati zimenezi. Kuno ku Blantyre, mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS ali ndi mbali zawo zina, choncho njira yako yalunjika ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi, ku Bunda, kunja pang'ono kwa mzinda wa Lilongwe. Kale inali Bunda College pansi pa University of Malawi isanaime payokha. Digiri imatenga zaka 4, ndipo kusankhidwa kumadzera ku NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro a m'mayunivesite. Pamafunika kukhoza bwino maphunziro 6 kuphatikizapo Chingelezi, koma ndikuchenjezeretu: Masamu ndi Chemistry usazione mopepuka. Ambiri amapita akuganiza kuti akukapitiriza Agriculture wa ku sekondale, n'kupeza kuti chaka choyamba chadzaza ndi sayansi yeniyeni ndi kuwerengera. Ngati Chemistry amakuzunguza mutu, yamba kumubwereza panopa uli pakhomo.

Mbali ya nthaka ndi imene ine ndimaikonda kwambiri. Umatenga dothi m'malo angapo a munda, kuzama ngati masentimita 20, kusakaniza m'ndowa, kuumitsa pamthunzi, kusefa, kenako kukayeza mu labu. Kumeneko udzadziwa pH, muyeso wa kuwawasa kwa nthaka. Ikatsika kufika pansi pa 5.5, fosiforasi wa m'feteleza amene mlimi wagula ndi ndalama zake amamangika m'dothi, mizu osamupeza, ndipo mankhwala ake ndi laimu, osati thumba lina la feteleza. Chonsecho nthaka yowawasa yomweyo ndi imene tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amasangalala nayo. Udzasiyanitsa katondo wofiira wa kuno kumtunda ndi makande akuda a ku Chigwa cha Shire amene amang'aluka m'chilimwe n'kumata khasu m'dzinja. Ukaona thumba la feteleza wokulitsa lalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn m'malo mwa 23:21:0+4S amene bambo anazolowera, dziwa kuti kusinthako kunabwera anthu atayeza nthaka n'kupeza kuti ikusowanso potaziyamu ndi zinki. Anthu amenewo anaphunzira zimene iwe ukufunazi.

Ndipo nthakayo ikutithawa. Ife a ku Blantyre sitifunika kuuzidwa. Tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ngakhale mvula wamba ikagwa, taima pa mlatho wa Mudi uone mtundu wa madzi. Kufiira kumeneko ndi dothi la pamwamba, la chonde, limene limatenga zaka mazanamazana kuti lipangike.

Za ntchito sindikunamiza. Zilipo, koma sizidikira munthu pageti, ndipo ena amakhala nthawi ndithu akusaka. Malo ake ndi ngati a kafukufuku ku Bvumbwe, Makoka, Kasinthula ndi Chitedze, kafukufuku wa tiyi ku Mimosa, minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makampani a mbewu ndi feteleza, mabungwe omwe si aboma, ulangizi, ndi uphunzitsi. Zambiri mwa izi sizili m'tauni. Ngati maloto ako ndi ofesi ya mu Victoria Avenue, ganizanso kawiri. Ngati sudandaula kuvala magambutsi, n'kumayankhula ndi alimi mwaulemu ngati makolo ako, upita patali. Za fizi, pali bungwe la boma lobwereketsa ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo uyenera kufunsira msanga ukangosankhidwa.

Bambo usalimbane nawo ndi mawu. Dzinja likubwerali dzala mzere umodzi wa soya kuseri kwa nyumba. Akayamba maluwa, zula mmodzi mosamala, uwaonetse timibulu tomwe tili ku mizu, n'kudula kamodzi ndi lezala. M'kati mukakhala mofiirira, uwauze kuti muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikukoka naitirojeni mumpweya, yemweyo amene iwo amagula m'thumba la urea. Ukatero uwapemphe kuti tsiku lina mukwere limodzi minibasi ya ku Thyolo pa Limbe, mukatsike pa Bvumbwe, akaone okha anthu amene amagwira ntchito imeneyi. Ndipo zotsatira zikatuluka, undilemberenso, tidzaone pamodzi mmene ungasankhire makosi pa fomu.