Filter yoonera dzuwa imakhala kutsogolo kwa telesikopu

Achimwene a ku Chinamwali, mwafunsa ngati mungamate pepala lakuda la X-ray kapena magalasi adzuwa pamene mumaikapo diso pa katelesikopu kanu ka 70 mm, kenako n'kujambula dzuwa ndi foni. Chonde musayerekeze. Amene akuyankhani kuti pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001 tinkaonera pa galasi lofukiza ndi utsi wa koloboyi sakunama, nanenso ndinatero, koma kunali kusadziwa, ndiponso panalibe telesikopu. Telesikopu imasonkhanitsa kuwala ndi kutentha konse n'kukuunjika pakadontho kamodzi, ngati muja tinkayatsira pepala ndi kagalasi tili ana. Kadonthoko kamagwera ndendende pamene pali diso lanu. Choipa n'chakuti mkati mwa diso mukamapsa simumva kuwawa, mumangozindikira madzulo kuti pakati pa chilichonse chimene mukuyang'ana pali kachifunga.

Choncho chotchinga kuwala chiyenera kukhala kutsogolo, kukamwa kwa telesikopu kumene dzuwa likulowera. Ine ndimagwiritsa ntchito pepala lonyezimira la Baader AstroSolar la OD 5.0, lomwe limalola gawo limodzi lokha mwa magawo 100,000 a kuwala kudutsa. Lilipo lina la OD 3.8, limenelo ndi la kamera yokha, osati diso. Pepala limodzi la A4 likukwanirani n'kutsalako. Dulani mphete ziwiri za katoni, ikani pepalalo pakati osalikoka (makwinya alibe vuto), mupange chivundikiro chogwira bwino, kenako muchimate ndi selotepi kuti mphepo ingachiulutse. Musanayambe, tsiku lililonse, chikwezeni kumwamba muone ngati chabooka. Ngati m'bokosi munapezamo kagalasi kakuda komangira pa eyepiece (paja mumaikapo diso) kolembedwa kuti SUN, katayeni. Kamang'aluka ndi kutentha diso lili pomwepo. Galasi la owotcherera zitsulo nalonso ayi. La nambala 14 mungaonere dzuwa ndi maso chabe, koma osati kumbuyo kwa telesikopu.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Ndisanapeze pepalali ndinkaloza telesikopu kudzuwa popanda chotchinga, n'kugwira katoni yoyera kumbuyo kwa eyepiece kuti chithunzi chigwere pamenepo. Njirayi imagwira ntchito ndithu, ndipo mawanga a padzuwa amaoneka. Koma tsiku lina pakhonde kwathu ku Matawale ndinangomva fungo ngati jumbo yagwera pambaula. Kuyang'ana, pulasitiki ya mkati mwa eyepiece yasungunuka mbali imodzi. Pomwepo mwana wa aneba anali akubwera kuti asuzumire. Ndinam'kankha mwamphamvu mpaka analira, ndipo amayi ake sanandiyankhule masiku awiri. Kuyambira pamenepo kachubu kakang'ono kolozera kapamwamba kaja ndimakachotseratu. Dzuwa ndimalipeza ndi mthunzi: sunthani telesikopu mpaka mthunzi wake pansi ukhale waung'ono ndi wozungulira, basi lalowa.

Za nthawi, dzukani m'mamawa. Kuno kum'mawa, cha ku Nyanja ya Chilwa, kulibe chotchinga, pomwe masana akapendeka phiri limatilanda dzuwa msanga. Cha m'ma 7 kapena 8 koloko mpweya umakhala usanayambe kuwira. Ikakwana 11 malata atentha, m'mphepete mwa dzuwa mumanjenjemera ngati mukulionera m'madzi. Imani pa udzu, pewani kuloza modutsa pamwamba pa denga. Masiku amene ine ndimapeza zabwino ndi a Meyi ndi Ogasiti kukakhala kopanda chiperoni. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni kuno ku Zomba, khosi lingathyoke.

Foni musaigwire pamanja, pezani kachomangira. Tsitsani kuwala pa kamera mpaka dzuwa lioneke lotuwa, apo ayi mudzangopeza mbale yoyera. M'malo mwa chithunzi chimodzi jambulani vidiyo ya masekondi 20 kapena 30, ndipo fulumirani chifukwa dzuwa limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi ziwiri zokha. Pa kompyuta, mapulogalamu aulere a PIPP ndi AutoStakkert amasankha zidutswa zooneka bwino n'kuziphatikiza.

Musayembekezere malawi ofiira aja mumaona pa intaneti, amenewo amafuna telesikopu ya H-alpha yokwera mtengo kwambiri. Inu mudzaona mawanga akuda. Si mabowo, ndi malo ozizirirako: pamwamba pa dzuwa pamatentha pafupifupi madigiri 5,500, pomwe pakati pa banga pamatsika kufika cha pa 3,500 mpaka 4,000. Poti m'mimba mwa dzuwa mungandandalikemo maiko ngati lathuli 109, kadontho komwe mungakapeputse nthawi zambiri kamafanana ndi dziko lonse lapansi. Mawangawa amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11, ndipo mu 2024 anali pachimake. Jambulani m'mawa uliwonse, mudzaona banga likuyenda kuchoka mbali ina kufika ina m'masabata awiri. Mukakayika ngati ndi banga kapena fumbi, zungulizani eyepiece. Likazungulira nayo, pukutani galasi.

Ndili ndi kachidutswa ka pepala lija kotsala, kangakwane pa 70 mm. Ndilembereni ku inbox, koma mubwere ndi telesikopuyo kuti tiyezere katoni pomwepo.