Za kudzutsa mlongoti wa boti muli nokha

Achimwene, zimene mwafunsa zoti muzidzutsa ndi kugoneka mlongoti (mzati wautali womangapo thanga) wa kaboti kanuko popanda wokugwirirani, musayerekeze ndi manja okha ayi. Mlongoti wa aluminiyamu umapepuka mukaunyamula pakati, koma mukangoumanga tsinde pa bauti n'kuyamba kuukankha kuchokera kumbuyo kwa boti, kulemera konse kumatsalira kumutu kwake kumene manja anu safika.

Ine zinandionekera ku Mangochi mu Julaye, mwera uli pachimake. Ndinali nditapangitsa mapaipi awiri okumana pamwamba ngati chilembo A, oti chingwe chochokera ku mlongoti chizidutsa pamenepo popita ku winchi (chopukusira chingwe) ya pa tirela yonyamulira boti. Popanda chimenechi, mlongoti ukagona chingwe sichiukweza, chimangoukanikizira ku tsinde. Nzeru yake ilibe vuto. Vuto linali wowotcherera amene ndinam'patsa ntchitoyo kuno ku Blantyre. Ndinam'lipira ndalama ya paipi yochindikala, ndinam'fotokozera kuti pansi pa chinthuchi pamaima munthu. Iye anakatenga paipi yopyapyala ija amapangira mipando, kudontheza moto apa ndi apo, n'kupaka penti wakuda wambiri kuti zisaoneke. Pondipatsa akuchita kudziguguda pachifuwa kuti bwana ichi ngakhale ng'ombe chikweza.

Ndapukusa winchi, mlongoti wachoka pa chogonera chake, wafika cha pakati, pamene sunaime komanso sunagone. Mawaya a m'mbali amene amagwira mlongoti ukaima, pamenepo amakhala adakali olendewera, sagwira kanthu. Mphepo inangobwera kamodzi kuchokera cham'mbali, mutu wa mlongoti n'kupendekera kumanja. Ndinamva kuti thee! mwendo umodzi wa chitsulo chija wasiyana ndi unzake, chingwe n'kukhwefuka. Ndinalumphira m'boti kuti ndiuwakhe. Unanditera paphewa lamanzere, ndinagwada osafuna, bondo pa thabwa, m'maso mdima bii. Kenako unatsetsereka, kuzula mabauti a patsinde pamodzi ndi chibenthu cha fibreglass, n'kukamenya mchenga pamene mwana wina wa asodzi anali atangochokapo ndi beseni la usipa. Mpaka lero ndikaganiza za mwana uja mtima umandithamanga. Dzanja silinkakwera kupitirira chifuwa, ndipo ulendo wonse wobwerera, Liwonde, Zomba mpaka kufika m'tauni, anandiyendetsera galimoto ndi mlamu wanga, ine ndikukukuta mano pa bampu iliyonse.

Nditabwerera kwa mkulu uja ndi zidutswa zake m'manja, mukudziwa anati chiyani? Akuti ndinakoka mwamphamvu. Kupepesa ayi, kubweza ndalama ayi, maso ali pa geti ya munthu wina imene ankawotcherera. Anthu oterewa amaona ngati chilichonse ndi mbaula, choti chikathyoka mubwera adzamatenso. Sadziwa kuti amasewera ndi moyo wa munthu. Zimandipsetsa mtima kwambiri chifukwa nditakanda penti uja ndi mpeni, ming'alu inali poyera, ndiye kuti ankadziwa chimene ankabisa.

Ndiye langizo langa ndi loti pezani munthu wachiwiri, kunyanja anyamata ofuna ganyu sasowa. Koma poti mwanena kuti nthawi zambiri mumakhala nokha, chitsulo cha A chija pangitsanibe, inenso ndimagwiritsa china tsopano ndipo ndimadzutsa ndekha. Mukaimirire pomwepo akamawotcherera, muone paipi ndi maso anu, penti adzapake mutayesa. Mabauti akhale a stainless, enawa amachita dzimbiri.

Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi zingwe ziwiri zongoyembekezera, china kumanja china kumanzere, zochokera chapakati pa mlongoti. Pansi muzimange molingana ndi bauti ya patsinde, msinkhu umodzi, kuti zikhale zokungika kuyambira pogona mpaka poima. Zikanakhalapo tsiku lija mphepo sikanaupendeketsa. Chitani zonsezi boti lili pa tirela, tirela ili yokoleka ku galimoto, pamalo osapendekeka, osati pamadzi. Boti liloze kumene mphepo ikuchokera kapena kumene ikupita, isakumenyeni m'mbali. Mwera ukalusa dikirani, m'mamawa nthawi zina umagonja. Musanapukuse yang'anani kumwamba ngati kuli mawaya amagetsi, aluminiyamu amatenga magetsi ndipo anthu amafa nazo zimenezi. Onaninso kuti mawaya a m'mbali sanakole pa chiwongolero kapena kupindika pomangira. Winchi ikayamba kulimba mwadzidzidzi imani, pali chakola, musakakamize.

Mlongoti ukaima, chingwe cha winchi musachimasule mpaka pini ya waya wogwira mlongoti kutsogolo kwa boti italowa ndi kutsekedwa. Potsitsa ndiye samalani koposa, chifukwa chingwe chimalemera kwambiri mlongoti ukatsala pang'ono kugona, ndipo chogwirira cha winchi chikakupulumukani chimazungulira mwaukali moti chitha kuthyola chala. Ikani chogonera chachitali kumbuyo kwa boti kuti uzifikira msanga. Ndipo ukayamba kugwa usiyeni ugwe, musauwakhe, ana athamangitsireni kutali musanayambe n'komwe.