Kuoda ma AC amagetsi a galimoto zakale zothamanga

Achimwene, mwafunsa mmene bizinesi yooda ma AC amagetsi a galimoto ngati MGB, Triumph TR6 kapena Porsche 911 imayendera, komanso pomwe munthu amaluzira ndalama. Ambiri amaluza tsiku looda lomwelo, chifukwa katundu akangodutsa pa boda n'kumulipirira msonkho, kumubweza kumadya phindu lonse.

M'katoni mumabwera kompresa ya 12V yokhala ndi mota yakeyake, condenser (yotulutsa kutentha kunja) ndi fani yake, evaporator (yoziziritsa mpweya wa m'kati mwa galimoto), drier (yochotsa chinyezi mu gasi), mapaipi ndi mawaya. Kompresayi sifuna lamba wa injini, ndiye makaniko amaiika paliponse pomwe pali malo. Koma chomwe lamba ankachita, tsopano akuchita ndi magetsi.

Choncho musanatchule mtengo, funsani kaye za alternator ya galimotoyo, yomwe imapanga magetsi otchajira batire. Dzuwa likaswa mtengo, kompresa yokha imakoka ma amp pakati pa 40 ndi 70, osawerengera mafani. Dynamo ya Lucas C40 yomwe ili m'galimoto zambiri zakale za ku Britain imapereka ma amp 22 basi, ndipo ma alternator a Lucas omwe anabwera pambuyo pake ambiri sapitirira 45. Vuto limakula galimoto ikaima pa mzere, injini ikulira pang'onopang'ono: alternator imapereka ma amp ochepa kuposa omwe alembedwa, pomwe m'kati mwatentha kwambiri. Batire imaphwa, kompresa n'kudzizimitsa, kasitomala n'kumati mwamugulitsa feki. Muziika alternator ya ma amp 120 kapena kuposa pa oda yomweyo, pamodzi ndi waya wa 16 mm² (25 mm² ngati mtunda ndi wautali) ndi fyuzi yoikidwa pafupi ndi batire. Wokana alternator musamugulitse AC.

Funsaninso mbali yomwe kuli chiwongolero, poti bokosi la evaporator la kumanzere nthawi zambiri silikwana kumanja. Chachitatu ndi earth: MGB yopangidwa chakumapeto kwa 1967 kusanafike ndi ya positive earth (waya wa + wa batire ndi womwe umalumikizidwa ku thupi la galimoto), ndipo kompresa ikalumikizidwa musanatembenuze waya, bolodi lake lamagetsi limapsa.

Pa boda, gasi musamunyamule. Gasi wa AC wotchedwa R134a amawerengedwa ngati katundu woopsa, nambala yake ndi UN 3159, ndipo kutsatira mgwirizano wa ku Kigali wa 2016, maiko ambiri amafuna chilolezo kuti mulowetse gasi wamtunduwu. Katundu abwere wopanda gasi, wodzaza akagule kwa ogulitsa ovomerezeka. Pa invoyisi, uzani wogulitsa alembe chinthu chilichonse pachokha. AC yathunthu ya galimoto imalowa pa nambala ya msonkho ya HS 8415.20, kompresa yobwera yokha pa 8414.30, alternator pa 8511.50. Akangolemba kuti "zida za galimoto", ofisala amasankha yekha nambala, ndipo katundu amagona kudikira kuti ejenti akonze mapepala.

Katoni muitsegule musanasaine kuti mwalandira. Yang'anani zipsepse za condenser ngati zaphwanyika, kenako zotsekera zapulasitiki pakamwa pa kompresa ndi drier. Drier yomwe yayenda yosatseka yamwa kale chinyezi, ndi yotaya. Ndi yotchipa, muziodako ziwiri.

Mafuta ndi omwe amapha makompresa ambiri. Mota ya kompresa yamagetsi imakhala m'kati momwe mukuyenda gasi ndi mafuta, n'chifukwa chake opanga ambiri amalamula mafuta a mtundu wa POE. Makaniko wozolowera mafuta a PAG, a makompresa a lamba, akathira, magetsi amayamba kuthawira ku thupi la kompresa. Mulembereni papepala mtundu wa mafuta, kuti apope vacuum (kuchotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi) kwa mphindi zosachepera 30, ndiponso kuti gasi amuyeze pa sikelo malinga ndi magalamu omwe wopanga wanena, osati kungoyang'ana geji.

Kumalo otentha condenser musaumire. Odani yaikulu yomwe ingakwane, ya parallel flow. Ikakhala kutsogolo kwa rediyeta yakale imatenthetsa injini, ndiye rediyetayo itsukidwe kaye ndipo fani ikhale yamphamvu. 911 yakale ilibe rediyeta yamadzi, condenser yake imabisidwa m'mafenda, motero funsani wogulitsa ngati mabulaketi ndi chotchingira miyala zili m'katonimo.