Kwa achemwali ofuna kulemba za ubwana wawo ku Chikanda

Achemwali, lembani bukulo. Ndayamba ndi yankho chifukwa ndaona m'ndemanga umu anthu akungokuponyerani mavesi, wina Eksodo, wina Aefeso, osamva n'komwe zimene mwafunsa.

Mwati munakulira ku Chikanda, mu mzinda wa Zomba, m'zaka za m'ma 1990, bambo ndalama ya ganyu ikuthera ku kachasu, mayi akatsikira ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, kukapikula matemba amatha milungu osabwera, inu muli Sitandade 3 n'kutsala ndi ang'ono anu awiri. Bambo anatisiya, mayi alipo, ndipo amalume atamva za bukuli akuti mukufuna kuvula mayi anu pagulu, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kulemba, komanso mulembe bwanji.

Mwambi wa amalumewo ndi woona, koma mwendo wochepa munthu sachita kusankha. Ntchito yaikulu ya buku lanu ili pomwepo: kusiyanitsa zimene makolo anu sakanachitira mwina ndi zimene anachita kusankha. Ambiri amene amalemba za ubwana wovuta amaphatikiza umphawi ndi kusasamala ngati chinthu chimodzi, mapeto ake wowerenga amangomva chisoni osamvetsa kanthu. Umphawi unali wa Chikanda yense. Kugula ufa wa wokumani woti uphike kamodzi, kuchapa ku Likangala sopo ali kachidutswa, kupita kusukulu chosavala nsapato, zimenezo aliyense wa nthawi imeneyo akuuzani kuti ifenso. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994 ana anakhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo, osauka okhaokha. Koma pakati pa ana amenewo aphunzitsi amadziwa wosauka ndi wotayidwa. Mayi wa khomo loyandikana, wogulitsa zitumbuwa, wosowa ngati inu nomwe, madzulo amakhazika mwana wake pamiyendo, kutenga pini, kumuchotsa matekenya mmodzimmodzi, kenako kupakapo palafini. Amadziwa kuti mwana wagona kuti, wadya chiyani, chifuwa chayamba liti. Mwana wotayidwa matekenya amamudya mpaka kuyenda chotsimphina, osati chifukwa pini ndi yodula. Zinthu ngati zimenezi ndi zomwe muyike m'bukumo.

Ndipo musatiuze kuti mayi anali osasamala. Tionetseni tsiku. Mwachitsanzo tsiku limene anachoka atanena kuti ndibwera mawa, n'kusiya ufa wokwana kawiri, inu n'kumauyeza ndi kapu kuti ufike tsiku lachinayi, wamng'ono akulira kumsana, moto mukukapala kwa aneba mukunamizira kuti mayi agona mutu ukuwapweteka. Bodza loteteza makolo limenelo, ana onse okula chonchi amalidziwa, ndipo likalembedwa bwino wowerenga amaweruza yekha. Mukayamba ndinu kuweruza, tsamba lachitatu lisanafike anthu ayamba kuikira kumbuyo mayi anu.

Kenako fufuzani zimene mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sakanadziwa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995. Munthu amene moyo wake unali matemba, chaka chimenecho anatani? Amakagona kuti, amadya za ndani? Bambo anu anali m'gulu la aja amene ankapita ku migodi ya ku Joni, njira ya TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodiko, itatsekedwa mu 1988 n'kubwerera kudzakhala manja lende? Zomba yemweyu, likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ntchito zambiri zinapita nalo. Onjezanipo maliro a Edzi amene anadzaza m'makomo mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, ndi njala ya 2002 pamene anthu amagona pamzere ku ADMARC, ena kudya gaga ndi zitsa za nthochi. Funsaninso kuti mayi anu anakwatiwa ali ndi zaka zingati. Mpaka 2017 malamulo aakulu a dziko lino amalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. N'kutheka kuti amene mukumulembayo anakuberekani naye ali mwana. Sindikunena izi kuti muwakhululukire, kukhululuka ndi nkhani ya inu ndi mtima wanu. Ndikuti buku limene mayi ali munthu wathunthu, wokhala ndi mbiri yake, limapweteka kwambiri ndipo limakhulupirika kuposa limene ali chilombo kuyambira tsamba loyamba. Zaka ndi masiku mukasokoneza, ku National Archives konkuno amasunga nyuzipepala zakale, kapitani mukafunse.

Za amalume ndinenepo pang'ono, andikhululukire. Kuno kwathu mwini mbumba ndi malume. Ana a mlongo wake akamagona ndi njala, mwambo umafunsa iyeyo poyamba. Ndiye pamene inu mumayeza ufa ndi kapu, iwo anali kuti? Nthawi zina amene amakuwa kwambiri kuti musalembe sakuopera mayi anu ayi, akuopa tsamba lawo. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma buku loona lionetsa amene anakwaniritsa mawuwo ndi amene amangodutsa. Amene anakupatsani mbale ya nsima pa mpanda, mphunzitsi amene anakulipirirani mayeso, muwalembe ndi mtima wonse. Iwonso ndi mbali ya choonadi.

Tsopano zosamala. Mayina sinthani, ngakhale a omwalira, ndipo musalongosole nyumba mpaka munthu wa ku Mpondabwino kuizindikira. Zomba ndi wamng'ono. Musalembe kuti uje anaba kapena anagona ndi uje ngati simunaone ndi maso anu, mungadzapezeke ku khoti pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Matenda a munthu, makamaka za magazi, si zanu zoulula. Chimodzimodzi zimene zinachitikira ang'ono anu: ngati wina anachitidwa nkhanza, nkhaniyo ndi yake, mupemphe, akakana isiyeni. Mudzadabwanso kuti iwo akukumbukira zosiyana ndi inu, wina adzati bambo anali munthu wanthabwala amene amabwera ndi mtedza m'thumba. Musakangane naye. Wamng'ono amakumbukira mtedza chifukwa wamkulu ndi amene amabisa mpeni bambo akabwera ataledzera. Lembani kuti ine ndimakumbukira motere, mng'ono wanga amati motere, zonse ziwiri zikhalemo.

Mayi anu asamvere kwa anthu. Mukamaliza kulemba, musanapite kosindikiza, pitani mukakhale nawo pamkeka muwauze. Sikukapempha chilolezo, koma kuti amve kuchokera pakamwa panu. Akhoza kulira, akhoza kukana zonse, akhozanso kukuuzani chinthu chimene chingasinthe mutu wonse. Pa chifukwa chomwecho musamaponye zigawo pano pa Facebook bukulo lisanathe. Mawa lomwe wina ajambula, atumiza pa gulu la WhatsApp la banja, inu muzikhalira kuyankha milandu m'malo molemba.

Mwafunsanso za chiyankhulo. Yambani m'Chichewa. Njala ija munaimva m'Chichewa, kutukwana kwa bambo kunali m'Chichewa, ndipo ngati agogo amakalipa m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mawu awowo asiyeni momwemo. Chingerezi mudzamasulira pambuyo mukafuna owerenga akunja. Ndalama musayembekezere zambiri, msika wa mabuku kuno mukuudziwa.

China chimene olemba sauzana: zinthu izi zikayamba kutuluka, tulo timasowa. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika woti muzimuuza, kaya ndi mlangizi kuchipatala kaya mnzanu wa kumpingo wosunga pakamwa, ndipo zikakulemerani siyani kaye mwezi, bukulo silithawa. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ana otere pafupi panu lero, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kusamalira mwana ndi udindo wa kholo, ndipo pali nambala yaulere ya 116 imene amayendetsa a YONECO konkuno ku Zomba, komanso ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC.

Gulani kope lachikuto cholimba, musayambire pa tsiku lobadwa, yambirani pa tsiku limene limakubwererani kawirikawiri. Mukafika masamba khumi nditumizireni ku inbox ngati mungakonde, ndiwerenga.