Dzina lanu lisachoke pa chithunzicho, achemwali

Achemwali, ayi, musalole. Zimene wakuuzani mwini gallery (malo oonetsera ndi kugulitsira zithunzi), zoti mufufute dzina lanu pa zithunzi zimene mumajambula pakhale tizilembo tiwiri kapena dzina la bambo a kunyumba kuti zithunzi "zigulike msanga", ine anandiuzapo zomwezo, ndipo ndikulemba pano mtima ukugunda. Mundikhululukire ndikamalumphalumpha.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatopa ndi kujambula amayi osenza mitsuko ndi dzuwa likulowa kunyanja, zija amagula alendo odzaona malo. Ndinayamba abstract, mitundu ndi mizere basi, nthawi zina dothi lofiira losakaniza ndi guluu. Bambo amene ndinkakhala nawo anali wojambulanso, iwo za nkhope za anthu. Mwini gallery ina m'tauni muno anabwera kunyumba kudzaona zawozo, maso ake n'kukagwera pa zanga zimene ndinazitsamiritsa kuseri kwa chitseko. Anati izi ndiye ndikuzifuna. Koma akuti makasitomala ake akamva kuti wachita zimenezi ndi mzimayi amati akungoseweretsa penti, ndiye ndingosaina tizilembo, zinazo adzafotokoza yekha pakamwa.

Tsiku lotsegulira chionetsero ndinafika mochedwa, ndinayamba ndakasiya mwana kwa akulu anga, minibasi nayo inachedwa kudzaza. Diresi ndinali nditasonetsa ya tsikulo. Kulowa chonchi, chithunzi changa chachikulu chija, chimene ndinachimalizira pa kandulo magetsi atathima, chili pakhoma loyang'anizana ndi khomo. Pansi pake kapepala kotayipa bwinobwino. Dzina la bambowo, lonse lathunthu. Iwo ataima pomwepo, tambula ya vinyo m'manja, akufotokozera mayi wina wachizungu kuti kufiirako ndi "mkwiyo wa nthaka". Mkwiyo wa nthaka! Linali dothi la pachulu kuseri kwa bafa, ndinakumba ndekha ndi mpeni wosendera mbatata. Ndisanatsegule pakamwa mwini gallery anandigwira dzanja n'kundionetsa kwa anthu kuti awa ndi mayi a kunyumba kwa katswiri wathu, kenako n'kundinong'oneza kuti ndithandizeko kuyendetsa mbale ya samusa poti mtsikana wake sanabwere. Ndinayendetsa, anzanga. Penti ikadali m'zikhadabo, ndikumwetulira, ndikudutsa pa chithunzi changa chomwe ndi mbale m'manja. Anamata kadontho kofiira usiku womwewo kuti chagulidwa. Ndalama yake sindinaionepo olo tambala, akuti inapita ku lendi. Titafika kunyumba n'kufunsa, anati si banja limodzi kodi, ukufuna undichititse manyazi pagulu?

Bambowo ndinawasiya kalekale, za iwo sindikutaya nthawi. Amene amandiwawa mpaka lero ndi mwini gallery uja, chifukwa ndi mzimayi mnzathu. Ankadziwa. Anazitulutsa yekha kuseri kwa chitseko zithunzizo! Ndipo lero amayankhula pa misonkhano za kutukula amayi, anthu n'kumawomba m'manja. Ndikamuona ndimangotembenuka.

Ndipo asakunamizeni kuti ndi umphawi wa kuno kwathu. Ku New York nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kumene abstract inatchukira, zinali zomwezi. Carmen Herrera, wa ku Cuba, ankanena yekha kuti Rose Fried, mzimayi mwini gallery, anamuuza kuti amajambula kuposa amuna amene iye amawagulitsira, koma samupatsa chionetsero chifukwa ndi wamkazi. Herrera anagulitsa chithunzi chake choyamba mu 2004 ali ndi zaka 89. Whitney Museum, nyumba yoonetsera zaluso ku New York, inamuchitira chionetsero chachikulu mu 2016 atakwana 101. Ndani wa ife angadikire choncho?

Lee Krasner ndiye amandikhudza kwambiri. Ankasaina L.K., tizilembo tomwe akukuuzani inu. Mphunzitsi wake Hans Hofmann pomuyamikira anati ntchito yake ndi yabwino moti sungadziwe kuti wachita ndi mkazi, mphunzitsiyo n'kumaona ngati wamutama. Krasner anakwatiwa ndi wojambula mnzake Jackson Pollock mu 1945, anasamukira ku Springs, ku Long Island. Mwamunayo anatenga chishedi chachikulu chapanja n'kumayala zinsalu pansi, mkaziyo akujambulira m'kachipinda kam'mwamba, kwinaku akulimbana ndi uchidakwa wa mwamuna ndiponso kumufunira ogula. Pollock atafa pa ngozi ya galimoto mu 1956 m'pamene Krasner analowa m'chishedimo, zithunzi zake n'kukula nthawi yomweyo. Luso analinalo kale, amasowa malo. Chionetsero cha ntchito ya moyo wake wonse chinafika ku MoMA, nyumba ina yaikulu yoonetsera zaluso ku New York, mu Disembala 1984, iye atamwalira mu Juni chaka chomwecho. Mu 2019 chithunzi chake chinagulidwa madola 11.7 miliyoni, anthu n'kumati zadabwitsa, pamene cha mwamuna wake chinapita pafupifupi 200 miliyoni mu 2015.

Nanga Janet Sobel, amene ankadontheza penti pa chinsalu Pollock asanatchuke nazo? Clement Greenberg, wolemba za luso amene ankakweza ndi kugwetsa anthu nthawiyo, anavomereza kuti iye ndi Pollock anaziona zithunzi zake, koma pomutchula anangoti ndi mayi wapanyumba. Mayi wapanyumba, ngati mmene anandionetsera ine. Greenberg yemweyo mu 1953 anatenga ojambula Morris Louis ndi Kenneth Noland n'kupita nawo ku situdiyo ya Helen Frankenthaler, mwini wake kulibe, kukaona chithunzi chotchedwa Mountains and Sea, chimene anachipanga mu 1952 ali ndi zaka 23 pothira penti yosungunula pa chinsalu chosapaka kanthu. Amuna awiriwo anabwerera ku Washington n'kuyamba kuchita zomwezo. Frankenthaler mwayi wake dzina linali pomwepo, palibe akanalifufuta. Hedda Sterne naye, pa chithunzi chotchuka cha magazini ya Life cha mu 1951 ali yekha mkazi pakati pa amuna 14, ndipo anakhala ndi moyo zaka 100, koma ankadandaula kuti anthu amamudziwira chithunzi chimenecho kuposa ntchito yake.

Ndiye lembani dzina lanu lonse, kutsogolo ndi kumbuyo kwa chinsalu, ndi penti osati pensulo. Chithunzi chisatuluke m'nyumba musanadzijambule nacho pa foni, nkhope yanu ikuoneka, ndipo muzijambulanso chikadali pakati chisanathe. Mwini gallery asaine pepala la dzina la chithunzi, kukula kwake, mtengo ndi gawo limene atengepo, ndalama ibwere pa nambala yanu osati ya bambo. Kapepala ka pakhoma kaja mukaone ndi maso anu dzulo lake.

Komano ndisakunamizeni, ngati lendi yakupanani ndipo tizilembo tikugulitsa, tengani ndalamayo, mwana sadya dzina. Grace Hartigan kumayambiriro kwa ma 1950 ankaonetsa ntchito yake ngati George Hartigan, kenako n'kubwerera ku dzina lake, ndipo pa chionetsero cha MoMA chimene chinazungulira ku Ulaya mu 1958 ndi 1959 mkazi anali iye yekha mwa ojambula 17. Elaine de Kooning ankasaina EdeK. Inenso pano zina ndimasaina tizilembo, makamaka zopita kwa anthu a maofesi amene amafuna chopachika m'boardroom, ndipo zimayenda. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinasankha ndekha ndipo risiti ili m'dzina langa. Dzina la amuna anu ndiye ayi, olo akhale abwino bwanji, olo akugulireni penti yense. Ngakhale n'zoona kuti Krasner ukalamba wake anadyera zithunzi za Pollock zimene anamusiyira n'kuzikwezera mitengo yekha, ndiye ngati anuwo ndi wojambula musathamangire kuwataya, ingoonetsetsani kuti mapepala a zonse mukusunga ndinu.

Pepala la mgwirizano limene ndimagwiritsa ntchito ndili nalo pa foni, ndipezeni ku inbox ndikutumizireni musanapite kukakumana ndi mwini gallery wanuyo.